Digiri Ikuti Munthuyu Atha Chiyani? Mbiri ya Funso Limene Lidasintha Mayunivesite

Wophunzira amene walowa kumene ku yunivesite masiku ano amapatsidwa pepala la kosi iliyonse sabata yoyamba yomwe. Pamwamba pamakhala dzina la kosi ndi la mphunzitsi, ndipo m'munsi mwake mumakhala mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yonena kuti pakutha pa kosiyo wophunzira adzatha kufotokoza chakuti, kuwerengera chakuti, kukonza chakuti. Ambiri amailumpha mizereyi n'kuthamangira kukaona tsiku la mayeso. Aphunzitsi ena nawonso amailemba monyinyirika, chifukwa choti ofesi yawalamula. Mizereyi, imene pa Chingerezi amaitcha learning outcomes, ndi zotsatira zimene sukulu ikulonjeza kuti zidzaoneka mwa wophunzira, ndipo mayunivesite adayenda zaka pafupifupi 900 asanafike poyamba kuilemba. M'zaka zonsezo, nthawi iliyonse imene muyeso wa digiri unkasintha, mwinamwake munali munthu wakunja kwa mpanda wa sukulu amene adasiya kukhulupirira mawu a aphunzitsi okha.

Mayunivesite oyambirira a ku Ulaya, monga la Bologna ku Italy limene amaliwerengera kuyambira 1088 ndi la Paris limene lidatsatira, adayamba ngati magulu a anthu a ntchito imodzi, mofanana ndi magulu a akalipentala kapena osula zitsulo a nthawiyo. Mnyamata ankakhala pansi pa katswiri zaka zingapo, kumvera ndi kuloweza. Ikakwana nthawi, ankaimirira pamaso pa akatswiri kuti ateteze mfundo yake m'Chilatini pamene iwo akumuponyera mafunso. Akawakhutiritsa, ankamupatsa chilolezo choti naye aziphunzitsa, ndipo digiri idachokera pamenepo. Padalibe pepala lolongosola zimene ayenera kutha kuchita, chifukwa muyeso udali m'mitu ya akuluakulu amene adamuona akukula.

Ife izi sitingazidabwe. Agogo athu amasimba kuti mnyamata wophunzira kusula ankayamba ndi kupopa mvukuto miyezi yambiri asanaloledwe kugwira nyundo, ndipo tsiku limene khasu lake lalima munda wonse osathyoka, aliyense ankadziwa kuti watha ntchito. Mkamwini naye ankayesedwa pa nkhokwe imene waluka ndi denga limene wafolera, mvula yoyamba ndiyo inkapereka malikisi. Muyeso woterewu umayenda bwino pamene anthu ali ochepa ndipo akudziwana. Ophunzira akachuluka, kapena wina akafuna kukagwira ntchito kudziko kumene mphunzitsi wake sadziwika, pamafunika umboni wina.

Mayeso olemba adabwera kudzathetsa vutoli. Ku China adali nawo kale kwa zaka zoposa 1,000, osankhira ogwira ntchito m'boma, mpaka adawathetsa mu 1905. Ku England adakhazikika ku Cambridge m'zaka za m'ma 1700, makamaka pa masamu. Ophunzira ankaikidwa pa mndandanda kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Wopambana onse ankatchuka dziko lonse, pamene womalizira pa opambana anzake ankamupatsa chipande chachikulu chamtengo momuseka, mwambo umene udatha mu 1909. Mndandanda woterewu umakuuza amene waposa mnzake, koma sukuuza chimene aliyense wa iwo angachite ndi manja kapena mutu wake. Woyamba m'kalasi la ofooka amakhalabe woyamba.

Angerezi adaonjezera chinthu china chimene tili nacho mpaka lero. Yunivesite ya Durham itatsegulidwa m'zaka za m'ma 1830, inkaitana oyesa mayeso ochokera ku Oxford kuti anthu akhulupirire kuti digiri yake si yongogawa. Apa ndi pamene padachokera woyesa wakunja, mlendo amene amabwera kudzaona mafunso ndi mapepala ochongedwa. Yunivesite ya London nayo, kuyambira 1858, idalola anthu kulemba mayeso ake ali kutali, osapondako m'kalasi mwake. Kwa Angerezi, digiri inkayesedwa poifanizira ndi digiri ya sukulu yakale yodalirika.

Ku America zinthu zidayenda mwina, chifukwa kudalibe Oxford woti onse ayang'aneko. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 makoleji ankaphuka ngati bowa, ena osasiyana kwenikweni ndi sekondale. Charles Eliot, amene adatsogolera Harvard kuyambira 1869 mpaka 1909, adalola ophunzira kusankha okha makosi awo. Zitatero padafunika njira yowerengera kuti kosi iyi ndi iyo zikaphatikizidwa zikwana digiri. Chosavuta kuwerenga chidali nthawi.

Chimene chidakhomera msomali pa nkhaniyi chidali penshoni. Mu 1905 mpondamatiki wa zitsulo Andrew Carnegie adapereka madola 10 miliyoni kuti aphunzitsi a m'makoleji azilandira kangachepe akapuma ntchito. Osunga thumbalo adayenera kugamula kuti koleji yeniyeni ndi iti. Adati koleji yofuna kulowa m'thumbamo ikhale ndi mapulofesa osachepera asanu ndi mmodzi, maphunziro a zaka zinayi, ndipo izilandira okhawo amene amaliza magawo 14 a kusekondale, gawo lililonse kukhala maola 120 a m'kalasi pa phunziro limodzi. Makoleji adathamangira kutsatira, poti palibe amene ankafuna kuti aphunzitsi ake akalambe chimanjamanja. Umu ndi mmene ola lokhala pampando lidasandukira ndalama ya maphunziro. Kuwerenga makirediti kumene timakuona lero kudakula kuchokera m'nthaka yomweyi. Munthu akakhala maola okwana, kaya zinkalowa khutu ili n'kutulukira linalo, kaundula ankati waphunzira.

Nthawi yomweyo masukulu adayamba kupanga mabungwe oyenderana okhaokha: la ku New England mu 1885, la zigawo zapakati mu 1887, ndi ena awiri mu 1895. Awa ndiwo makolo a mabungwe ovomereza masukulu. Koma chimene chidaonetsa mphamvu ya kuyendera chidali ulendo wa Abraham Flexner. Iyeyu sadali dokotala, adali mphunzitsi wa ku Louisville, koma bungwe la Carnegie lomwe lija lidamutuma kukaona sukulu zonse 155 zophunzitsa udokotala ku America ndi Canada. Ankalowa n'kufunsa zinthu zooneka ndi maso: ophunzira amalowa ndi maphunziro otani, aphunzitsi alipo angati, ndalama zimachokera kuti, labotale ili ndi chiyani, ophunzira amaona odwala m'chipatala chiti. M'malo ambiri adapeza malonda okhaokha, zipinda zauve ndi ziwiya zosagwira ntchito. Lipoti lake la 1910 lidatchula sukulu iliyonse ndi dzina, ndipo pofika m'ma 1930 zoposa theka zidali zitatsekedwa kapena kuphatikizidwa ndi zina. Odwala adapindula. Koma chikwanje chidagwera kwambiri osauka: mwa sukulu zisanu ndi ziwiri zophunzitsa madokotala akuda, zidatsala ziwiri zokha, Howard ndi Meharry. Aliyense amene amalankhula za kukweza muyeso ayenera kukumbukira zimenezi.

Kwa zaka makumi ambiri kuvomereza sukulu kudali kotero, kuwerenga zolowa: mabuku m'laibulale, madigiri a aphunzitsi, kukula kwa zipinda. Zili ngati kuyesa mlimi powerenga matumba a feteleza amene wagula, osapita kukaona nkhokwe. Boma la America litayamba kulipirira maphunziro asilikali obwera kunkhondo, lamulo la 1952 lidati ndalamazo zizipita ku sukulu zovomerezedwa, ndipo kuyambira pamenepo chidindo cha oyendera chidakhala nkhani ya moyo kapena imfa kwa koleji.

Ganizo loyang'ana m'nkhokwe lidamera kwina, pakati pa akatswiri a zamaphunziro. Franklin Bobbitt, amene adatulutsa buku lake la silabasi mu 1918, adatengera nzeru za m'mafakitale za Frederick Taylor. Ankati tione zimene munthu wamkulu amachita pa ntchito, tizigawe tizidutswatizidutswa, kenaka tiphunzitse kachidutswa kalikonse. Mindandanda yake inkafika mazana a zolinga, ndipo fungo la fakitale silidachokeretu pa nkhaniyi mpaka lero. Amene adaipatsa maonekedwe aumunthu ndi Ralph Tyler. Pakati pa 1933 ndi 1941 iye adatsogolera kuunika kwa kafukufuku wa masukulu 30 a sekondale amene adaloledwa kuphunzitsa mwa njira zawozawo. Popeza silabasi idali yosiyana, mayeso amodzi sakadawayesa onse. Tyler ankakhala pansi ndi aphunzitsi n'kuwafunsa kuti mukuti mukufuna ana aganize mozama, chabwino, nanga mwana woganiza mozama tidzamuzindikira ndi chiyani? Kabuku kake ka 1949, kamene kadayamba ngati notsi za kosi yake ku Chicago, kadaika nkhani yonse pa mafunso anayi: sukulu ikufuna kukwaniritsa chiyani, ophunzira adutse mu zotani kuti afikepo, zimenezo zisanjidwe bwanji, ndipo tidzadziwa bwanji kuti zatheka. Fomu iliyonse yopangira kosi lero ndi mdzukulu wa mafunso amenewa.

Wophunzira wa Tyler, Benjamin Bloom, adali woyang'anira mayeso pa yunivesite ya Chicago. Mu 1948 iye ndi anzake a ntchito yomweyo m'makoleji ena adakumana ku Boston ndi cholinga chochepa chabe: ankafuna kumabwerekana mafunso a mayeso, koma ankasowa chilankhulo chimodzi chonenera kuti funso ili likuyesa chiyani. Patapita zaka zisanu ndi zitatu, mu 1956, adatulutsa makwerero a magawo asanu ndi limodzi. Pansi pali kukumbukira, kenaka kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kulumikiza zinthu kuti papangike chatsopano, ndipo pamwamba kuweruza. Ataika mafunso a mayeso pa makwererowa, zidaoneka poyera kuti aphunzitsi ambiri amalalikira za kuganiza koma pa mayeso amafunsa zoloweza. Mu 2001 Lorin Anderson ndi David Krathwohl adakonzanso makwererowa, n'kuika kupanga chatsopano pamwamba penipeni. Chida chimene chidapangidwira oyesa mayeso chidasanduka katekisimu wa aphunzitsi dziko lonse lapansi.

Robert Mager, mu 1962, adaumitsa zinthu. Adati mawu onga kudziwa ndi kumvetsa asalembedwe m'zolinga, chifukwa palibe amene adaonapo kumvetsa ndi maso. Cholinga chinene chimene wophunzira adzachite, adzachichite ali ndi zipangizo zotani, ndipo achichite bwino kufika pati. Chaka chotsatira Robert Glaser adasiyanitsa mayeso ofanizira munthu ndi anzake ndi mayeso ofanizira munthu ndi muyeso woikika. Pa mayeso a laisensi ya galimoto palibe nambala wani: kaya waimika galimoto pamalo pake kapena wagunda chipilala. Kuchokera kwa Mager ndi kumene kudabwera mndandanda wa aneni ololedwa ndi oletsedwa umene aphunzitsi amapatsidwa ku maphunziro a masiku awiri aja a kuhotela.

Otsutsa sadachedwe. Elliot Eisner, amene adali mphunzitsi wa zojambula, adati pali maphunziro ena amene phindu lake ndi lakuti sudziwiratu chimene chidzatuluke. Lawrence Stenhouse wa ku England, mu 1975, adapitirira pamenepo: adati kuphunzitsa luso monga kutaipa kungalembedwe zolinga zake, koma kulowetsa munthu m'dziko la nzeru kumapambana pamene wophunzira wayamba kuganiza zimene mphunzitsi sakadalosera. Ine ndimaona kuti anthuwa adali ndi mfundo imene mpaka lero siidayankhidwe. Mphunzitsi wa ndakatulo amene walemba kale m'mwezi wa Januwale chimene wophunzira adzamve mumtima m'mwezi wa Meyi akunama, kapena akuphunzitsa china chake osati ndakatulo.

Pamene zonsezi zinkachitika, ku Africa kunkafika njira ya Angerezi ija. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, makoleji a Ibadan, Gold Coast, Makerere ndi Khartoum adamangiriridwa ku London: ankaphunzitsa kwawo koma digiri idali ya London, ndipo mafunso ankavomerezedwa kumeneko. Koleji ya Rhodesia ndi Nyasaland ku Salisbury, imene idakhazikitsidwa mu 1955, idali m'gulu lomwelo. Ufulu utabwera, Yunivesite ya Malawi idalandira ophunzira ake oyamba 90 ku Chichiri mu 1965, ndipo ya Zambia idatsegula zitseko mu 1966. Mayunivesite awiriwa ankapereka madigiri awoawo, koma chitetezo cha muyeso chidakhalabe woyesa wakunja ndi senate ya yunivesite. Panthawiyo zinkakwanira. Yunivesite idali imodzi m'dziko, olowamo adali osankhidwa mwa osankhidwa, ndipo bwana aliyense ankadziwa kumene digiri yachokera.

Oyamba kumanga digiri yonse pa zotsatira sadali mayunivesite otchuka. Koleji ya amayi ya Alverno ku Milwaukee, yoyendetsedwa ndi masisitere a Katolika, mu 1973 idagwirizana za maluso asanu ndi atatu amene womaliza aliyense ayenera kuonetsa, monga kulankhula ndi kulemba momveka, kusanthula, kuthetsa mavuto ndi kugwira ntchito ndi ena. Idasiya kupereka magiredi a A ndi B. Wophunzira ankaonetsa luso lake pamaso pa oyesa, ena mwa iwo ochokera kunja kwa koleji, n'kuuzidwa mwatsatanetsatane pamene wafika. Madokotala nawo adasuntha. Ku Dundee, ku Scotland, Ronald Harden ndi anzake adafotokoza mu 1975 mayeso amene wophunzira amazungulira masiteshoni, mphindi zochepa pa iliyonse: apa afunse wodwala mbiri ya matenda, apo apime pamimba, uko awerenge chithunzi cha ekiselo, belu likalira n'kusuntha. Kale tsogolo la wophunzira linkadalira wodwala mmodzi amene wamugwera ndi mtima wa pulofesa tsiku limenelo. Mayesowa, amene ophunzira amangowatcha OSCE, lero aliponso m'sukulu zathu za udokotala ndi unamwino, ndipo ophunzira amawaopa kuposa olemba.

Chigumula chenicheni chidabwera m'ma 1980 ndi 1990, ophunzira atachuluka kwambiri ndipo maboma atayamba kufunsa chimene ndalama zawo zikugula. Eni makampani a ku America ankadandaula kuti mainjiniya atsopano amadziwa masamu koma satha kulemba lipoti kapena kugwira ntchito pagulu. Bungwe lovomereza maphunziro a uinjiniya la ABET, limene mizu yake ndi ya 1932 ndipo linkadziwika ndi kuwerenga maola a phunziro lililonse, lidatembenuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Lidaika zotsatira 11 n'kuuza mayunivesite kuti phunzitsani mmene mufunira, koma tionetseni umboni woti omaliza anu atha zimenezi, ndiponso mutionetse chimene mudasintha mutapeza kuti akulephera. Mbali yachiwiriyi ndiyo mtima wa nkhani yonse, ndipo ndiyo imene imaiwalika msanga. Mgwirizano wa Washington wa 1989, umene udayamba ndi mabungwe a maiko asanu ndi limodzi kuti azilemekezerana madigiri a uinjiniya, udafalitsa njirayi kutali. South Africa idalowamo mu 1999.

Kwa mphunzitsi wamba, amene adamasulira zonsezi m'chilankhulo chomveka ndi John Biggs wa ku Australia, amene ankaphunzitsa ku Hong Kong. Mu 1996 adalemba zimene wophunzira aliyense amadziwa kale koma aphunzitsi safuna kuvomera: kwa wophunzira, silabasi yeniyeni ndi mayeso. Mphunzitsi angalankhule zokoma chaka chonse, wophunzira amafunafuna mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo n'kuwerenga molingana ndi zimene apezamo. Choncho, adatero Biggs, zinthu zitatu ziyang'ane kumodzi ngati mafuwa a pamoto: chimene walonjeza, chimene ophunzira akuchita m'kalasi, ndi chimene ukuyesa. Ukalonjeza kuti adzatha kukonza dongosolo la madzi a m'mudzi, azikonza madongosolo m'kati mwa kosi, ndipo malikisi achokere pa dongosolo limene akonza. Fuwa limodzi likapendekeka, mphika umagwa.

Ku Ulaya nkhaniyi idalowa kudzera pa maulendo. Ophunzira atayamba kusinthana maiko pansi pa pulogalamu ya Erasmus kuyambira 1987, padavuta kudziwa kuti chaka chimodzi ku Spain chikufanana ndi chiyani ku Germany. Mu June 1999 nduna za maiko 29 zidasainirana ku Bologna, mzinda womwe uja kumene nkhani idayambira, kuti madigiri awo azifanana kapangidwe. Chaka chimodzi chidakhala makirediti 60, kirediti iliyonse maola 25 mpaka 30 a ntchito ya wophunzira, ndipo pofika 2005 adagwirizana mawu ofotokoza chimene mwini digiri yoyamba, ya masitazi ndi ya udokotala wa maphunziro ayenera kutha. Ku Britain bungwe loyang'anira muyeso wa madigiri la QAA lidakhazikitsidwa mu 1997, ndipo kosi iliyonse idayenera kulembedwa zotsatira zake. Taonani kuti maola a Carnegie aja sadafe. Adangosintha malaya: m'malo mowerenga nthawi imene mphunzitsi waima kutsogolo, akuwerenga nthawi imene akuganiza kuti wophunzira wathera pa ntchitoyo, m'kalasi ndi kunyumba komwe.

Phunziro lowawa lidachokera kwa anansi athu a ku South Africa. Tsankho litatha, dzikolo lidafuna njira yoti wantchito wa mumgodi amene adamanidwa sukulu luso lake lizindikirike, ndipo mabungwe a apantchito adakankha kwambiri ganizoli. Lamulo la 1995 lidakhazikitsa bungwe la SAQA ndi makwerero amodzi a maphunziro onse. M'masukulu mudalowa Curriculum 2005, imene idalengezedwa mu 1997 pansi pa nduna Sibusiso Bengu, motengera zina mwa nzeru za William Spady wa ku America. Idali ndi zotsatira 66 ndi mulu wa mawu atsopano amene aphunzitsi ambiri sadawamvetse. Jonathan Jansen adachenjeza poyambirira pomwe kuti zidzalephera, ndipo ambiri adamuona ngati wotsutsa chitukuko. Sukulu za olemera, zokhala ndi malaibulale ndi aphunzitsi ophunzira bwino, zidapirira. Sukulu za kumidzi, kumene mphunzitsi adauzidwa kuti asadalire buku koma alibe china chodalira, zidamira. Komiti ya Linda Chisholm idaunika silabasiyo mu 2000 n'kulangiza kuti ikonzedwe, ndipo nduna Angie Motshekga adaisiya, n'kubweretsa silabasi ya CAPS kuyambira 2012, imene imanena mosabisa chimene chiphunzitsidwe sabata iliyonse. M'mayunivesite a dzikolo zotsatira zidatsalabe, ndipo kosi siivomerezedwa popanda izo. Chimene South Africa idaonetsa n'chakuti kulemba kumene ukupita sikugula basi yokufikitsako.

Kwathu kuno njirayi idalowera kumunsi isanafike ku yunivesite. TEVETA, imene idakhazikitsidwa mu 1999, idabweretsa maphunziro a ntchito zamanja oyesa munthu pa chimene watha kuchita. Ku pulayimale silabasi ya PCAR idayamba kulowa m'makalasi mu 2007, ndipo aphunzitsi adayamba kulemba zizindikiro za kakhozedwe pa phunziro lililonse, pamaso pa ana oposa 100 m'kalasi limodzi m'sukulu zambiri. Kumtunda nako zinthu zidali zitasintha. Yunivesite ya Mzuzu idalandira ophunzira oyamba mu 1999, mipingo ndi anthu ena adatsegula mayunivesite awo, ndipo kholo silikadathanso kudziwa digiri yodalirika pongomva dzina. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa National Council for Higher Education, NCHE, kuti izilembetsa ndi kuvomereza masukulu a ukachenjede ndi maphunziro awo. Zimbabwe idali itakhazikitsa kale ZIMCHE mu 2006, Zambia idakhazikitsa Higher Education Authority ndi lamulo la 2013, ndipo maiko a SADC adagwirizana za makwerero a magawo 10 kuti satifiketi ya dziko lina izimveka kwa anzake. Kwa namwino wa ku Lilongwe amene akufunsira ntchito ku Johannesburg kapena ku Manchester, mapepala ofotokoza zimene adaphunzira ndi zimene atha kuchita ndiwo amamulankhulira iye asanatsegule pakamwa.

Walira mvula walira matope. Amene adakhalapo m'dipatimenti oyendera ali pafupi kubwera amadziwa mmene zimakhalira: makina osindikizira satonthola usiku wonse, mafayilo amadzazidwa, matebulo olumikiza chotsatira ichi ndi funso ilo amajambulidwa mothamanga. Ndidaonapo pepala la kosi lolonjeza kuti wophunzira adzatha kusanthula ndi kuweruza mfundo zoyendetsera chuma cha dziko. Nditatsegula mayeso a kosi yomweyo, funso loyamba lidali loti atchule zinthu zisanu, lachiwiri atanthauzire mawu atatu, lachitatu atchulenso zina zinayi. Aneni a Bloom adali onse pamalo pake papepala, ndipo palibe lamulo limene lidaphwanyidwa. Sindimudzudzula kwambiri mphunzitsiyo. Adali ndi ophunzira mazana angapo ndi milungu iwiri yochongera, ndipo funso loti tchulani limachongeka msanga kuposa loti weruzani. Koma lonjezo lidali litaperekedwa kwa ana a anthu amene adagulitsa ng'ombe ndi fodya kuti alipire fizi.

Kumene njirayi yagwira ntchito, yagwira chifukwa aphunzitsi a dipatimenti imodzi adakhala pansi n'kukangana moona mtima za munthu amene akufuna kutulutsa. Pamikangano yoteroyo ndi pamene amatulukira kuti mutu wina ukuphunzitsidwa katatu m'zaka zinayi pamene kulemba lipoti palibe akukuphunzitsa, aliyense akuyesa kuti ndi ntchito ya mnzake. Phindu limeneli silioneka m'fayilo, ndipo oyendera amene amangowerenga matebulo salipeza.

Kuyambira kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT idatuluka, nkhani yolembera kunyumba yasiya kukhala umboni wodalirika, poti makina atha kuilemba m'mphindi imodzi. Mayunivesite ambiri abwerera ku mayeso a m'chipinda choyang'aniridwa, ndipo ena ayambanso kuimika wophunzira pamaso pa aphunzitsi kuti ateteze ntchito yake ndi pakamwa, monga ankachitira ku Paris kalelo. Kwa kalasi la anthu 300, zimenezi zimafuna aphunzitsi ndi nthawi zimene masukulu athu ambiri alibe.

Inu amene mukufuna kulipirira mwana kapena kudzilipirira nokha, musakhutire ndi chikwangwani cha pageti chonena kuti sukuluyo ndi yolembetsedwa. Kulembetsedwa ndi kwina, kuvomerezedwa ndi kwina, ndipo sukulu itha kukhala yovomerezedwa pamene pulogalamu imene mukuifunayo siidavomerezedwe. Kafunseni ku NCHE, ndipo ngati ndi maphunziro a zaumoyo kafunseninso ku khonsolo ya madokotala kapena ya anamwino ndi azamba. Mukatero pemphani pepala la kosi imodzi ndi mayeso ake a chaka chatha, muziike pambalipambali pa tebulo, muwerenge zimene alonjeza kenaka muwerenge zimene adafunsa.